Yankho kwa achemwali ofunsa za BP ya mayi awo

Achemwali, mwalemba kuti mayi anu ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, amagwidwa mwadzidzidzi ndi mutu waukulu, mtima kugunda mwamphamvu ndi thukuta lochuluka, BP n'kukwera kupitirira 200, koma pakapita mphindi zingapo zonse zimatha, ndipo mwafunsa ngati ndi bwino kuwonjezera mapiritsi. Malangizo anga ndi akuti musawonjezere kanthu musanapemphe dokotala kuti afufuze ngati si chotupa chotchedwa pheochromocytoma.

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kotchedwa adrenal, kolemera magalamu pafupifupi 5, kamene kamatulutsa adrenaline, yemwe amathamangitsa mtima munthu akachita mantha. Chotupa cha pheochromocytoma chimamera m'kachiwaloka ndipo chimathira adrenaline m'magazi nthawi iliyonse, mwina munthu akangowerama pochapa, akanyamula chidebe cha madzi kapena akadzikakamiza kuchimbudzi. Matendawa ndi osowa, moti pa anthu 100 odwala BP sapezeka ngakhale mmodzi, n'chifukwa chake amachedwa kudziwika. Azakhali anga anavutika nawo zaka zitatu akuuzidwa kuti ndi maganizo chabe, ndipo sindidzaiwala m'mawa wina wa June, kukuzizira koopsa, pamene ndinawapeza pakhonde bulauzi itanyowa ngati yoviikidwa m'beseni, nkhope itatuwa, manja akunjenjemera. Chosocheretsa china n'chakuti ena amangoonekera ndi shuga wokwera, kuwonda, kudzimbidwa kapena mtima kufooka, ndipo akafika kukiliniki vuto litadutsa, BP imapezeka ili bwinobwino.

Choncho gulani kabuku, muzilemba tsiku, nthawi, zimene mayi amachita vutolo lisanayambe, BP ya nthawi yomweyo ndi mphindi zimene latenga. Kabukuko mupite nako kukiliniki, mukapemphe kalata yokaonana ndi dokotala wa mahomoni kuchipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe. Choyamba kuyeza ndi metanephrines, zotsalira za adrenaline m'thupi, m'magazi kapena mumkodzo wa maola 24, ndipo sikani ya CT kapena MRI imabwera pambuyo pake. Akakupatsani chigubu cha kulabu, mkodzo woyamba wa m'mawa mutaye, kenako musunge wonse mpaka nthawi yomweyo mawa lake, chifukwa mukaphonya kamodzi zotsatira zimasokonekera. Pemphaninso kuti ayeze mchere wa m'magazi wotchedwa potassium, poti pali chotupa china cha adrenal chimene chimakweza BP n'kutsitsa potassium, munthu n'kumafooka miyendo.

Pano ndiye ndikuchondererani kwambiri. Mayi asamwe mapiritsi obwereka kwa anzawo, makamaka atenolol ndi propranolol a BP ndi mtima aja, kapena metoclopramide wa mseru uja, chifukwa kwa munthu wa chotupachi angakweze BP mpaka kuika moyo pachiswe. Ngati akumwa kale ena mwa mankhwalawa, musawasiyitse nokha, koma muuze dokotala msanga. Chotupa chikatsimikizika musakakamize opaleshoni yachangu, popeza wodwala amayenera kukonzekeretsedwa kwa masiku 7 mpaka 14 ndi mankhwala monga doxazosin kapena phenoxybenzamine. Vuto likabwera ndi kupweteka pachifuwa, kusaona bwino kapena kulephera kulankhula, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Pafupifupi mmodzi pa odwala atatu alionse amatengera matendawa kumtundu, choncho funsani akuluakulu, ngakhale a kumudzi ku Malawi, ngati alipo anadwalapo chotupa cha chithokomiro kapena cha impso, kapenanso anamwalira mwadzidzidzi akadali wamng'ono. Zimenezo mukamuuze dokotala, chifukwa inu ndi abale anu mungafunikenso kuyezedwa.