Timbewu takuda timeneto si manyi a khoswe

Achemwali, uchi womata umene mukuti mwauona pa ngala za mapira anuwo musautenge mwachibwana, ine zinandigoneka pa benchi ya kuchipatala usiku onse. Ndinagula mchewere ndowa imodzi kwa venda wina pa boma, ati wachokera ku Chikwawa, mkatimo muli timbewu takuda totalikirapo, tolimba gwa. Kumufunsa akuti aaa mayi ndi manyi a khoswe awo mukapeta. Ndinapeta inde koma tina tinatsalira, tinalowa m'chigayo limodzi. Phala la 4 koloko, isanakwane 6 wamng'ono wayamba kusanza, wamkulu akuti amayi nyumba ikuzungulira, kenako tulo tachilendo, ndikumugwedeza akungotsegula diso limodzi nkutsekanso, magetsi athima, foni yatsala pang'ono kuzima, wa kabaza akukakamira mtengo pomwe mwana wandilefukira kumsana. Anachira patatha masiku awiri. Vendayo nditabwerera akuti ana anu ali ndi malungo, ndalama osabweza, mpaka lero ndikamuona mtima umachita phaa.

Alangizi ndi amene anandimasulira. Ndi fangasi (nkhungu yogwira mbewu), dzina lake ergot, imalowa pa maluwa a ngala, imayamba ndi uchiwo kenako nkuuma kukhala kambewu kakuda. Ndiye poizoni wake sakhala mmodzi, zimatengera mtundu wa fangasiyo ndi mbewu yomwe yagwira. Ya pa mchewere, Claviceps fusiformis, ndi yosanzitsa ndi chizungulire ngati ana angawa. Ya pa mapira ndi ina, africana, imaumitsa mkaka ng'ombe ndi nkhumba zoyamwitsa. Yoopsa ndi purpurea ya pa rye ndi barley (mbewu zonga tirigu), imafinya mitsempha ya magazi mpaka zala kuwola, ku Wollo ku Ethiopia mu 1978 anthu anaduka miyendo ena kufa kumene. Malo nawonso, ya mapirayi imakonda chinyezi ndi usiku ozizira ngala zikamachita maluwa, ndiye ngati munda uli cha ku Namwera kapena Katuli muziyendera ngala kuposa ife a kunyanja kuno.

Ine ufa onse ndinakwirira kudzala, mchewere sulowanso pakhomo panga. Koma inu musataye zonse, chaka chake chino, dulani ngala zomatazo muotche, zotsalazo viikani m'madzi a mchere wambiri, takudato timayandama muyoole, mutsuke muyanike. Zoyoolazo osapatsa mbuzi kapena nkhuku chonde.