Alamu, za F-150 ija: XLT kapena Lariat?

Eee alamu, mwaswera bwanji kumeneko ku South Bend, ku America? Funso lanu ndaliona pagulupa, koma kulemba kunditalikira, bola ndingoyankhula. Mwati mukufuna pikapu ya Ford F-150 yokokera telala ya makina otchetchera kapinga, Lamulungu izinyamulanso achemwali ndi ana, ndiye mukufunsa ngati mutenge XLT kapena muwonjezere ndalama mukwere pa Lariat.

Ine ndikuti tengani XLT. Koma mundimvetsere kaye, chifukwa XLT yakenso muyenera kuisankha bwino.

Mayina amenewa, XL, STX, XLT, Lariat, King Ranch, Platinum, galimoto yake ndi imodzimodzi. Bodi yake ndi ya aluminiyamu kuyambira 2015, chasisi ndi chachitsulo, giya ndi otomatiki ya magiya 10. Dzinalo kwenikweni likukuuzani za mipando, nyali, wailesi ndi zokongoletsa. Zoti ikoka zochuluka bwanji, zimenezo zili pa injini, pa difu ndi pa zipangizo zokokera zomwe anaikamo kufakitale.

XL ndi ija amagula makampani a zomangamanga. Pansi pake ndi pa pulasitiki yolimba, mutha kulowa ndi majombo amatope kenako n'kungopukuta, malimu ake achitsulo. Ikanakhala yantchito yokha ndikanati imeneyo, koma achemwali sangaikonde. STX ndi XL yomweyo atangoiveka malimu abwino ndi kumaso kooneka bwino. XLT ndi pomwe pamayambira galimoto yabanja, ili ndi kapeti ndi mipando yansalu. Lariat ndiye mipando yachikopa, yotenthetsa komanso youzira mphepo, ndi masipika a kampani ya B&O. King Ranch anaitcha dzina la famu yaikulu ya ng'ombe kummwera kwa Texas, yomwe inayamba mu 1853, ndipo chikopa chake chofiirira amachidinda chizindikiro cha famuyo. Platinum mipando yake imachita kukuthofulani msana. Ziwiri zimenezi zisiyeni, si zathu pakadali pano. Tremor ndi Raptor ndi zam'tchire, nazonso zipite.

Tsopano pano ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, alamu. Mukafika kogulitsa magalimotoko, tsegulani chitseko cha dalaivala muyang'ane pamphuthu pake. Pali kapepala komata kachikasu ndi koyera kolemba za matayala, ndipo kamalemba kuti anthu ndi katundu pamodzi asapitirire mapaundi akutiakuti. Nambala imeneyo ndi ya galimoto yomwe mwaigwirayo, osati ya m'kabuku kotsatsa malonda. Chilichonse chomwe awonjezera, denga lagalasi, mamota a m'mipando, masitepe otuluka okha, matayala aakulu, chili ndi kulemera kwake, ndipo chimadya nambala ija. N'chifukwa chake nthawi zambiri yodula kwambiri ndi yomwe imanyamula zochepa kuposa XLT ya injini yofanana nayo.

Tingoyerekeza kuti kapepalako kalemba mapaundi 1,500. Telala yanu itadzaza makina ndi mafuta ikulemera 7,000. Telala imatsamira pachokokera cha galimoto ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, mwinanso kuposa pamenepo, ndiye 700 zapita kale. Inu ndi anyamata anu atatu, aliyense tinene 180, ndi 720. Kwatsala 80 basi, simunaike n'komwe bokosi la zipangizo kubodi. Mwaona? Wogulitsa adzakuuzani kuti F-150 ya 2024 imakoka mpaka mapaundi 13,500, omwe ndi makilogalamu opitirira 6,000. Sakunama ayi, koma imeneyo ndi ya injini ya 3.5 EcoBoost yokhala ndi zipangizo zokokera zotchedwa Max Tow, yokonzedwa mwapadera, ndipo nthawi zambiri kapepala ka pachitseko kaja ndi komwe kamayamba kukuletsani musanafike n'komwe pamenepo.

Za injini. Yaing'ono ndi 2.7 EcoBoost, V6 ya matabo awiri, mahachi 325. Musainyoze poona nambala, imathamanga ndipo mafuta imamwa mwaulemu. Telala yanu ikakhala yopepuka, ya makina awiri, imeneyo ikukwanirani. Kenako pali 5.0 V8, mahachi 400, yopanda tabo, amakanika ambiri amaikonda poti ilibe zambiri zovuta. Ina ndi 3.5 EcoBoost, ya 2024 nayo mahachi 400, koma mphamvu yodzutsira katundu ili pa 500 pomwe V8 ili pa 410. Ngati mukuganiza zoti mtsogolo muno mudzagula kathalakitala kapena telala yotseka ija yaikulu, tengani 3.5. Mufunsenso za difu: 3.55 kapena 3.73 ndi yabwino kukokera, 3.31 ndi yosunga mafuta pamsewu waukulu. Ndipo muonetsetse kuti ili ndi kachipangizo koyendetsera mabuleki a telala padashibodi.

Palinso PowerBoost, ya petulo ndi batire pamodzi. Ubwino wake, kubodi kuli masoketi amagetsi, 2.4 kW, kapena 7.2 kW mukasankha yaikulu. Mu Febuluwale 2021 magetsi atazima ku Texas chifukwa cha kuzizira kuja, anthu ena ankayatsa mafiriji ndi mahita a m'nyumba ndi galimoto zimenezi. Mukanakhala kalipentala wa macheka amagetsi ndikanakukakamizani. Koma batire ija ndi yolemera, nayonso imadya kapepala kaja, ndiye kwa inu si yofunikira kwenikweni.

Poti pali ana, tengani SuperCrew, ya zitseko zinayi zathunthu. SuperCab kumbuyo n'kothina, mipando ya ana siikhala bwino. SuperCrew imabwera ndi bodi ya mafiti 5.5 kapena 6.5. Zambiri zomwe mungapeze pamalo ogulitsira ndi za 5.5, koma inu limbikirani 6.5, yaifupi ija mudzaiona kuchepa tsiku lonyamula matabwa. Yezani kaye galaja yanu, chifukwa galimotoyo imafika mamita oposa 6.

Tsono ndisaipondereze Lariat, ili ndi chinthu chimodzi chomwe kwanuko n'chenicheni. South Bend ili kufupi ndi nyanja ya Michigan, sinowo imagwa yambiri, ndipo msewu umakhala pena pouma pena poterera. XLT ya 4x4 ili ndi 2H (amakoka ndi matayala akumbuyo okha), 4H ndi 4L (amakoka onse anayi). Vuto la 4H n'loti simuyenera kuyenda nayo pa tala youma, mukamakhota galimoto imalimba, zitsulo zimakokana. Lariat ili ndi 4A, yomwe imadzionera yokha kuti kutsogolo kukufunika mphamvu, inu mumangoisiya choncho nyengo yonse yozizira. Chimenecho n'chabwino ndithu, makamaka ngati achemwali aziyendetsanso. Koma kusiyana kwa mtengo wa XLT ndi Lariat zatsopano kumakhala madola masauzande angapo, ndipo ndi ndalama ya ngongole, chiwongoladzanja chikwera, inshuwalansi nayo ikwera. Matayala anayi abwino a nyengo yozizira simungalipire olo theka la ndalama imeneyo, ndipo amathandizanso poima, pomwe 4A imangothandiza ponyamuka.

Zomwe anthu amathamangira ku Lariat, zambiri zilimo mu XLT ya nambala 302A. Nambala imeneyi muiyang'ane papepala la pawindo. Pa za 2021 mpaka 2023, 302A ndi yomwe ili ndi mipando yotenthetsa, kuliza injini muli m'nyumba, ndi sikirini ya mainchesi 12. Kuyambira 2024 sikirini yaikuluyo ili m'zonse, ngakhale mu XL. Chosowa ndi chikopa, koma munthu wobwera kotchetcha ali ndi thukuta ndi udzu m'thalauza, chikopa adzachimvera chisoni. Gulani makavala a mipando basi.

Ngati mukuyang'ana yoti inayendapo kale, ya zaka ziwiri kapena zitatu, si zoipa, ndipo pamenepo Lariat itha kutsika n'kufika poti n'kuiganizira. Koma gwadani musuzumire pansi. Bodi ya aluminiyamu siichita dzimbiri lofiira lija, ndiye kunja imaoneka yatsopano, pomwe chasisi ndi chachitsulo ndipo misewu ya kwanuko amathira mchere. Ya 3.5 yakale pang'ono, makamaka ya 2017 mpaka 2020, muilize m'mawa injini itazizira, mumvetsere ngati ikuchita phokoso la gwedegwede masekondi oyambirira, poti kukonza zimenezo ndi ndalama zambiri.

Ndiye Loweruka mukapita, funsani XLT 302A, SuperCrew, 4x4, bodi ya 6.5, injini 3.5 kapena 5.0, yokhala ndi zokokera. Musasaine tsiku lomwelo. Jambulani kapepala ka pachitseko ndi pepala la pawindo munditumizire pompano, komanso mukayezetse telala yanu pa sikelo ya mathiraki itadzaza ngati mmene mumapitira kuntchito, tiwerengere limodzi. Mupereke moni kwa achemwali ndi ana.