Funsani Dokotala: Khoswe waluma mwana wanga ali m'tulo

Adokotala, ndimagulitsa usipa wouma ku Makawa ndipo matumba ndimasunga m'nyumba momwe timagona. Makoswe atisowetsa mtendere. Dzana wina waluma chala cha mwana wanga wazaka zitatu usiku. Anzanga akuti ndigule tameki. Nditani? — Mayi wa ku Makawa, Mangochi

Mayi, tiyambe ndi mwanayo. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo mupite naye kuchipatala lero, ngakhale likuoneka laling'ono. Akaona ngati katemera wake wa kafumbata ali m'malo, choncho musaiwale buku lake la kusikelo. Chiwewe sichibwera kawirikawiri ndi khoswe. Chomwe ndimaopa ine ndi matenda ena amene amayamba pakapita masiku 3 mpaka 10 chilumidwire: kutentha thupi, kuphwanya m'mfundo, totupa m'manja ndi m'mapazi. Kuno kunyanja aliyense akatentha thupi timangoti malungo. Akapima magazi n'kupeza kuti malungo mulibe, nenani za khosweyo, chifukwa mankhwala ake ndi ena ndipo amachiza bwinobwino.

Khoswe sanabwere kudzadya mwana. Anatsata fungo. Mwana akagona osasamba m'manja atadya nsima ya usipa, kwa khoswe kachalako ndi ndiwo. Musambitseni m'manja ndi kukamwa asanagone, ndipo neti muipinde bwino pansi pa mphasa kapena matiresi.

Tameki ayi. Ndikukanizani ndithu. Timibulu take takuda timasakanizidwa ndi nsima kapena nsomba, n'kuikidwa pansi pomwe mwana wokwawa amafika khoswe asanafike. Wadya tameki amachucha dovu ndi thukuta, amasanza, amatsegula m'mimba, kenako mpweya umavuta, zonsezi m'kanthawi kochepa. Zikachitika musataye nthawi ndi mkaka kapena kumusanzitsa. Thamangani naye kuchipatala mutatenga kapepala ka mankhwalawo. Komanso inu mumagulitsa chakudya. Poizoni ndi matumba a usipa m'chipinda chimodzi, akuluakulu aja ananena kale kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Tamudziweni mdaniyu. Khoswe wa m'nyumba si mbewa ya kumunda ija anyamata amakumba. Iyeyu ndi katswiri wokwera, amagona kudenga, amatsika kukada. Sadutsa pakati pa chipinda, amatsata khoma, ndipo mukayang'anitsitsa muona kanjira kakuda ka mafuta a ubweya wake. Msampha muutchere pamenepo, mogundiza khoma, pomwe mwana safika. Amakayikira chinthu chachilendo, ndiye masiku awiri kapena atatu oyamba ikani nyambo ya chiponde kapena mutu wa usipa osautchera. Akazolowera, tcherani. Msampha umodzi sukwana, pakuti wamkazi amatenga bere la milungu itatu yokha n'kuswa ana asanu kapena kuposa.

Koma mungaphe khumi, ena abwera ngati chakudya chikadali poyera. Usipa uchoke kuchipinda chogona. Matumba akhale pathandala, otalikirana ndi khoma, ndipo ngati mungathe gulani diramu lokhala ndi chivundikiro. Ufa ndi mpunga m'ndowa zotseka. Mbale zisagone ndi makombo. Mabowo mutseke ndi simenti kapena kachidutswa ka lata, osati sanza, chifukwa mano ake amakula moyo wonse ndipo kutafuna ndiye ntchito yake. Kakhoswe kakang'ono kamalowa pomwe chala chanu chalowa, ndiye onaninso mpata wa pansi pa chitseko. Nthambi za mango zogunda denga zidulidwe. Mphaka amathandiza, ngakhale kuti ndi usipa wanuwo mudzafunika kumulondera nayenso.

Zitosi zake musasese pouma. Wazani madzi a kolorini, dikirani pang'ono, kenako kolopani. Mkodzo wake umafalitsa matenda otchedwa leptospirosis, makamaka m'madzi odikha a nthawi ya dzinja, olowera pabala la kuphazi. Khoswe wakufa musamugwire ndi manja: utitiri wake ndi umene umanyamula mliri wa makoswe, womwe unabuka ku Nsanje mu 2002. Valani jumbo kumanja, mukamukwirire mozama kutali ndi chitsime.