Kodi Don Wilson ankamenyadi nkhonya, kapena zinali za m'filimu chabe?

FUNSO: A Mkonzi, ine ndi malume anga takhala tikutsutsana za Don Wilson, yemwe tinkamuonera m'mavidiyo sho zaka za m'mbuyomu. Malume akuti munthuyu anali katswiri weniweni wa masewera a nkhonya ndi mateche asanalowe m'mafilimu, koma ine ndikuona kuti onse a m'mafilimu amangonamizira. Komanso ngati analidi katswiri, n'chifukwa chiyani sanatchuke ngati Jean-Claude Van Damme? Chonde tiunikireni.
Wowerenga, Zomba

YANKHO: Pa funso loyambalo malume anu akunena zoona, ndipo mungachite bwino kuwavomereza. Don Wilson, amene amadziwikanso ndi dzina loti The Dragon, anabadwa mu 1954 ku Alton m'chigawo cha Illinois, kwa mayi a ku Japan ndi bambo a ku America, koma anakulira ku Florida kumene bambo ake ankagwira ntchito ya uinjiniya. Amene anamukopa kuti ayambe kung fu anali mchimwene wake, Jim Wilson, ndipo pofika mu 1974 anali atayamba kulowa m'mipikisano yomenyana zenizeni, yomwe nthawi imeneyo inali yachilendo ku America.

Mu 1980 anatenga lamba wa dziko lonse wa WKA, bungwe loyendetsa masewera a nkhonya ndi mateche, ndipo pa moyo wake wonse wa m'bwalo anapata malamba a dziko lonse okwana 11 kuchokera ku mabungwe osiyanasiyana. Komabe malamba paokha satsimikizira zambiri, popeza m'masewerawa mabungwe ndi ochuluka ndipo lililonse limapereka lamba wake. Chimene chimasonyeza kukula kwa munthu ndi mayina a anthu amene anakumana nawo. Wilson anagonjetsa Maurice Smith, yemwe pambuyo pake anadzakhala katswiri wa olemera kwambiri mu 1997 ku UFC, mpikisano wosakaniza masewera omenyana a mitundu yosiyanasiyana. Anagonjetsanso Branko Cikatić wa ku Croatia, yemwe anadzapambana mpikisano woyamba wa nkhonya ndi mateche wotchedwa K-1 ku Japan mu 1993. Ndipo mu 1984 anafanana mphamvu ndi Jean-Yves Thériault wa ku Canada atamenyana naye ku Montreal. M'chaka chomwecho anagonjetsa Dennis Alexio, munthu amene ambiri mwa inu mumamudziwa monga mchimwene wake wa Van Damme m'filimu ya Kickboxer. Kugonja nakonso anakulawa, makamaka mu 1989 pamene Marek Piotrowski wa ku Poland anamuposa ku Chicago.

M'chaka chomwecho cha 1989 ndi mmene filimu ya Bloodfist inatuluka. Mwini wake anali Roger Corman, mkulu wodziwika ndi luso lopanga mafilimu pa ndalama zochepa, yemwe anaona kuti filimu ya Van Damme ya Bloodsport ya mu 1988 yabweretsa phindu ndipo anafuna munthu wokhala ndi malamba enieni oti alembedwe pachikuto. Bloodfist anakaijambulira ku Philippines kumene zinthu zinali zotsika mtengo, ndipo malonda atayenda bwino, Wilson anasewera m'zigawo zisanu ndi zitatu za Bloodfist kufikira mu 1996, kuphatikizapo mafilimu ena monga Ring of Fire ndi Cybertracker.

Kumene inuyo mwalondola ndi kwakuti zimene timaona m'filimu si ndewu. Pojambula, chibakera chimadutsa pafupi ndi nkhope osaikhudza, kamera imaikidwa pamalo oti mpatawo usaoneke, womenyedwayo amatembenuza mutu ndi kugwa pa nthawi yomwe anapangana, ndipo phokoso la kugunda limawonjezeredwa pambuyo pake. Luso limeneli limatsutsana ndi la m'bwalo, chifukwa m'bwalo munthu amabisa chimene akufuna kuchita ndipo amamenya mwachidule kuti mnzake asaone, pomwe kamera imafuna kuti theche litambasuke ndi kuoneka bwino kwa woonera. N'chifukwa chake akatswiri ena enieni amaoneka ouma pa kanema, pamene Van Damme, yemwe anachitapo mipikisano ya karate kwawo ku Belgium komanso anaphunzira kuvina kwa ballet, ankadziwa kuika thupi lake m'njira yosangalatsa maso.

Pa nkhani ya kutchuka, ine ndikuona kuti chinalekanitsa awiriwa ndi msika kuposa mphamvu. Van Damme anatengedwa ndi makampani akuluakulu amene ankaonetsa mafilimu monga Universal Soldier ndi Timecop m'nyumba za kanema ndi kuwalengeza padziko lonse, pamene ambiri mwa mafilimu a Wilson ankapita mwachindunji pa matepi a vidiyo, ndipo ndi njira imeneyi imene inawafikitsa m'mavidiyo sho a kwathu kuno. M'filimu yaikulu ya Batman Forever ya mu 1995 anangoonekamo pang'ono monga mtsogoleri wa gulu la zigawenga, nkhope itapakidwa utoto moti ambiri sanamuzindikire. Tiyeneranso kunena mosabisa kuti luso lake la zisudzo linali lapakatikati, ndipo nkhani za mafilimu ake zinkafanana kwambiri.

Mukakawauza malume anu, muwonjezerepo ichi chimene mwina sakuchidziwa: mu 1999, ali ndi zaka 44 ndipo atasewera kale m'mafilimu ambiri, Wilson anabwerera m'bwalo nakagonjetsa Dick Kimber ku Massachusetts, n'kutenga lamba wa bungwe la IKF. Analimbirana lamba komaliza mu 2002, koma m'mafilimu anapitiriza, ndipo mu 2015 anaoneka limodzi ndi Cynthia Rothrock, mayi wodziwika m'mafilimu a karate, m'filimu ya The Martial Arts Kid.