Apongozi a Chiwelsh, fomu ya khonsolo ndi bilu ya foni

Mayi, mwalemba kuti munakwatiwa kumpoto kwa Wales ndipo mumasamalira apongozi anu okalamba, amene Chingerezi chikuwathawa koma Chiwelsh akadali nacho. Pa webusaiti ya khonsolo mukadina batani la Cymraeg (dzina la Chiwelsh m'chinenerocho) tsamba loyamba limasintha, koma fomu yopempha kuchotseredwa msonkho wa nyumba imatsegukabe m'Chingerezi. Kampani ya foni nayo yakana kuwatumizira bilu m'Chiwelsh. Mukufunsa ngati lamulo lili kumbali yawo.

Pa khonsolo lili kumbali yawo ndithu. Pa kampani ya foni silinafike.

Lamulo la Welsh Language Measure la 2011 linapanga Chiwelsh kukhala chinenero cha boma mu Wales ndipo linakhazikitsa ofesi ya Welsh Language Commissioner, yoonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa, yomwe inayamba ntchito mu 2012. Kuyambira mu March 2016, makhonsolo onse 22 ali pansi pa malamulo otchedwa standards. Khonsolo iliyonse inapatsidwa chikalata chake, compliance notice, chosonyeza zimene iyenera kuchita, ndipo chimapezeka poyera. Chifunefuneni muwerenge gawo la mawebusaiti ndi la mafomu. Mutu wa nkhani ndi wakuti Chiwelsh chisachepetsedwe poyerekeza ndi Chingerezi. Tsamba lolonjera munthu m'Chiwelsh kenako n'kumusiya yekha pa fomu, pomwe pagona ndalama zake, lili ngati kulandira mlendo pakhomo n'kumumana mpando.

Jambulani tsambalo, tsiku ndi adiresi yake zioneke. Lemberani khonsolo kaye, chifukwa nthawi zina vuto limakhala la kampani imene inawakonzera fomuyo ndipo amalikonza msanga. Koma asakuuzeni kuti "si ife, ndi kampaniyo". Ntchito yochitidwa m'dzina la khonsolo imayankhidwa ndi khonsolo. Akakhala chete, pitani kwa Commissioner. Dandaulo likhale lolembedwa, likhale ndi adiresi yokupezerani, ndipo lifike chaka chisanathe kuchokera pamene munadziwa za vutolo. Lamulo limalola kuti inu mulembe m'malo mwa apongozi, ndipo mutha kulemba m'Chingerezi. Simulipira kalikonse, komanso simufunika loya.

Commissioner akafufuza n'kupeza kuti khonsolo yalakwa, angailamule kukonza fomuyo, kulemba ndondomeko yopewera vutolo, kapena kulipira chindapusa chosapitirira mapaundi 5,000. Ndalamazo sizibwera kwa inu, ndiye musayembekezere chipukuta misozi. Akakana kufufuza kapena akagamula kuti palibe cholakwa, muli ndi masiku 28 okadandaula ku Welsh Language Tribunal, bwalo lounikanso zigamulo za Commissioner. Masiku amenewa musawaphonye.

Za foni zimandiwawa. Lamulo lomwelo la 2011 linatchula makampani a matelefoni pa mndandanda wa amene angaikidwe pansi pa standards, koma izi zimatheka pokhapokha nduna za boma la Wales zitalemba malamulo apadera n'kuvomerezedwa ndi Senedd, nyumba ya malamulo ya Wales. Makampani a madzi anawalembera mu 2023. A foni ndi intaneti akadali kunja, choncho amene amapereka thandizo m'Chiwelsh amatero mwa kufuna kwawo. Nkhalamba imene foni ndiyo njira yake yopezera dokotala siyenera kudalira chifundo cha kampani, koma lero zili choncho. Chomwe mungachite n'kufufuza ngati kampaniyo inalonjeza Chiwelsh m'mgwirizano kapena potsatsa malonda. Ngati inalonjeza, dandaulani kwa iyo, mupemphe kalata yotchedwa deadlock letter, yosonyeza kuti mwalephera kumvana, mupite nayo kwa Communications Ombudsman kapena CISAS, mabungwe oweruza madandaulo a makasitomala, malinga ndi kumene kampaniyo inalembetsa. Ofcom, bungwe loyang'anira matelefoni, wailesi ndi TV ku UK, imalandira madandaulo kuti ione mmene makampani akuyendera, koma siweruza mlandu wa munthu mmodzi. Ngati sinalonjeze, kusamukira ku kampani ina n'kwachangu kuposa mlandu.

Munafunsanso chifukwa chake S4C, tchanelo cha TV cha Chiwelsh, imavuta kupeza pa TV yawo yatsopano. Nkhani za wailesi, TV ndi matelefoni mphamvu zake zinatsala ku Westminster, ku nyumba ya malamulo ya UK, osati ku Cardiff, likulu la Wales. S4C inayamba kuulutsa pa 1 November 1982, ndipo lamulo la Media Act la 2024 likufuna kuti mapulogalamu a pa intaneti a nyumba zoulutsira mawu zotumikira anthu, S4C pamodzi, azioneka poyera pa ma TV olumikizidwa ku intaneti. Woyang'anira ndi Ofcom, ndipo si ufulu womwe inu mungakasumire nokha kukhoti. Pakali pano aikireni S4C Clic kapena BBC iPlayer pa tsamba loyamba la TV yawo kuti azingodina kamodzi.

Kalata iliyonse yochokera ku khonsolo kapena kwa Commissioner isungeni pamodzi ndi envelopu yake kapena imelo imene inabwera nayo, chifukwa mukafika ku Tribunal funso loyamba lidzakhala la tsiku limene munauzidwa chigamulo.