N'chifukwa Chiyani Dziko Lapansi Silidziwika ndi Dzina la Mulungu Wamkazi?

Mphunzitsi wina wa kusekondale wanditumizira imelo yokhala ndi funso ili: "Mapulaneti onse ali ndi mayina a milungu ya Aroma ndi Agiriki kupatula dziko lathuli. Kodi anthu amenewa analibe mulungu wa nthaka?"

Aphunzitsi, anali naye, ndipo anali wamkulu ndithu. Mlakatuli wachigiriki Hesiod, amene anakhalako cha m'ma 700 Khristu asanabadwe, anafotokoza kuti Gaia anali m'gulu la oyambirira kukhalako, ndipo ndi iye amene anabereka Ouranos, yemwe ndi thambo, n'kukhalanso mkazi wake. Mmodzi mwa ana awo anali Kronos (kwa Aroma ndi Saturn), bambo wake wa Zeus (kwa Aroma ndi Jupiter). Aroma nawonso anali ndi Tellus, amene anamumangira kachisi mumzinda wa Rome pokwaniritsa lonjezo la mkulu wa asilikali Sempronius Sophus, yemwe anawinda kachisiyo m'chaka cha 268 Khristu asanabadwe, chivomezi chitagwedeza nthaka nkhondo ili mkati. Chaka chilichonse pa 15 Epulo ankamuphera ng'ombe zabere kuti minda ibereke.

Chimene chinachititsa kuti dzina lake lisalowe pamndandanda wa mapulaneti n'chakuti kwa anthu akale dziko lapansi silinali pulaneti. Iwo ankaona nyenyezi zisanu zimene zinkasuntha pakati pa zinzake zokhazikika, ndipo ndi zimenezi zomwe anazigawira milungu. Ababulo ndiwo anatsogola: nthanda anaipereka kwa Ishtar, nyenyezi yofiira kwa Nergal, ina yowala kwambiri kwa Marduk. Agiriki anaikapo milungu yawo yofanana nayo, kenaka Aroma anachitanso chimodzimodzi, ndipo m'pamene tinapezera Venus, Mars ndi Jupiter, pamodzi ndi Mercury ndi Saturn. Nthaka inali pansi pa mapazi awo, yosasuntha, pakati pa zonse. Komanso Gaia sanali mulungu woti apatsidwe malo okhala kumwamba, pakuti iye anali nthakayo. Pamene buku la Nicolaus Copernicus linkatuluka mu 1543 n'kunena kuti dziko limazungulira dzuwa ngati mapulaneti enawo, mtundu uliwonse unali kale ndi mawu ake otchulira dziko, ndipo panalibe amene akanawachotsa pakamwa pa alimi ndi amalinyero.

Mpata wina unapezeka mu 1781 pamene William Herschel anatulukira pulaneti yatsopano ku England. Iye ankafuna kuitcha dzina la mfumu George III, zomwe akatswiri a m'mayiko ena sanakondwere nazo. Johann Bode wa ku Germany anati popeza Saturn ndi bambo wa Jupiter, pulaneti yotsatira ikhale ya bambo wa Saturn, ndipo dzina la Uranus, yemwe ndi Ouranos uja, linapambana. Motero mwamuna wa Gaia, mwana wake ndi mdzukulu wake anandandalikana kumwamba, mayi wa banjalo osawerengedwa. Ine ndimaona kuti apa panalibe chiwembu chonyoza akazi, ngakhale kuti mndandanda wa mapulaneti asanu ndi atatu wokhala ndi Venus yekha ngati wamkazi sungalephere kudzutsa mafunso m'kalasi.

Ana asukulu muwachenjezenso kuti si mitundu yonse imene inkaona nthaka ngati mayi. Kwa Aiguputo nthaka inali Geb, mwamuna, pamene thambo linali Nut, mkazi.

Milungu yaikazi ya nthaka ndi zokolola inapeza malo kwina. Mu 1798 wasayansi Martin Klaproth, amene anali atatcha kale mtapo wa uranium potengera Uranus, anatcha mtapo wina kuti tellurium polemekeza Tellus. Pa 1 Januwale 1801 Giuseppe Piazzi ali ku Palermo anatulukira chinthu china pakati pa Mars ndi Jupiter n'kuchitcha Ceres, mulungu wamkazi wa ulimi amene ankalemekezedwa kwambiri ku Sicily. Kwa zaka zambiri Ceres ankawerengedwa ngati pulaneti, kenaka anatsitsidwa, ndipo kuyambira 2006 bungwe la akatswiri a zakuthambo la International Astronomical Union limamuika m'gulu la mapulaneti aang'ono pamodzi ndi Pluto.