Mwana wa mphumu akadzuka usiku akutsokomola mouwa: yankho kwa mayi wa ku Mchini

Mayi wina wa ku Mchini, konkuno ku Chipata, wanditumizira imelo sabata ino. Ndaifupikitsa ndipo dzina ndachotsa.

"Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 2 ndi theka ndipo ali ndi mphumu. Masiku apitawa anali ndi chimfine chabe, koma dzulo usiku anadzuka akutsokomola ngati galu wouwa, mawu atasasa, ndipo akamakoka mpweya pakhosi pamamveka phokoso. Ndinamupopera inhaler yake ya buluu koma sizinasinthe. Kutacha anayamba kusewera bwinobwino. Kukiliniki anati ndi croup. Apongozi anga akuti timufunditse bulangeti pa poto wa madzi owira a masamba a bulugamu. Kodi pali zachilengedwe zimene ndingamuchitire pakhomo? Ndikuopa usiku ukubwerawu."

Zikomo amayi polemba, ndipo pepani ndi matendawo. Za poto wa apongoziwo ndiyankhiretu pompano poti usiku sudikira munthu: musamufunditse. Zifukwa zake ndifikako. Tiyambe taona chimene inhaler inalepherera, chifukwa mukamvetsa pamenepo zina zonse zikhala zosavuta.

Mphumu ndi croup zimagwira malo osiyana. Mphumu ili pansi, m'tinjira ting'onoting'ono ta mpweya ta m'mapapo. Tinjirato tikafinyika, mwana amavutika potulutsa mpweya ndipo m'chifuwa mumalira kamluzu. Mankhwala a mu inhaler ya buluu ija, salbutamol, amene ambiri timangoti Ventolin, ntchito yake ndi kumasula tinjira timeneto. Croup ili pamwamba, pakholingo, m'munsi pang'ono mwa potulukira mawu. Kachilombo ka vairasi, kawirikawiri ka mtundu wa parainfluenza, kamatupitsa mkati mwa kholingo. Tsono kholingo la mwana ndi lopapatiza kale, moti kutupa pang'ono chabe kumachepetsa njira kwambiri. N'chifukwa chake matendawa amakonda ana a miyezi 6 mpaka zaka 3, ndipo mwana akapitirira zaka 6 samugwiragwira. Pamalo otupawo salbutamol alibe choti amasule. Inhaler yanu sinathe mphamvu ayi, inangotumidwa ntchito ya eni.

Komabe musaibise m'sutikesi. Vairasi yemweyo akhoza kutsika n'kudzutsa mphumu, mwana n'kukhala ndi zonse ziwiri usiku umodzi. Njira yosiyanitsira ndi khutu lanu. Mukhazikeni pamiyendo, mumvetsere. Phokoso lokhakhala lochokera pakhosi pamene mpweya ukulowa, limene mumalimva muli chapatali, ndi la croup. Kenako gunditsani khutu pamsana pake. Mukamva kamluzu pamene mpweya ukutuluka, mphumu yadzuka, ndipo apo mupopereni monga anakulangizirani kukiliniki. Mwana wa msinkhu uwu sadziwa kukoka mpweya panthawi yeniyeni imene mwapopa, choncho pafunika spacer, kachipangizo konga botolo koikidwa pakati pa inhaler ndi pakamwa pa mwana. Ngati mulibe yogula, botolo la pulasitiki la 500 ml limagwira ntchito. Madokotala a ku Cape Town anayesa zimenezi mu 1999 n'kupeza kuti botolo lokonzedwa bwino silisiyana kwenikweni ndi ya m'sitolo. Apempheni anasi a kukiliniki akuonetseni kaboolededwe kake. Ngati ali ndi inhaler ina ya tsiku ndi tsiku yopewera mphumu, apitirize osadumphitsa.

Mantha anu a usikuwo ndi oona. Croup imatero: masana mwana amathamanga ngati palibe kanthu, dzuwa likalowa zimayambanso, ndipo usiku wachiwiri kapena wachitatu ndi umene umakonda kuvuta kwambiri. Kwa ana ambiri kuuwako kumachepa pakatha masiku awiri, n'kutsala chimfine ndi chifuwa wamba kwa sabata kapena kuchepera.

Tsopano za pakhomo. Chimene chimathandiza kuposa zonse sichigulidwa ndipo sichithyoledwa kutchire: mwana asalire. Zikumveka zopepuka koma pali chifukwa chake. Mwana akamalira amakoka mpweya mwamphamvu, ndipo kukoka koteroko kumachititsa kuti kholingo lotupalo lipanikizike kwambiri. Phokoso limakula, iye amachita mantha, n'kuliranso koposa. Choncho akadzuka ndi chifuwacho, munyamuleni msanga, mumukhazike tsonga pamiyendo kapena mumutsamiritse paphewa panu. Musamugoneke chagada mokakamiza, musiyeni asankhe yekha kakhalidwe kamene akupumira bwino. Lankhulani naye motsitsa mawu, muimbireni, kaya mumuonetse katuni pafoni, zonsezo ndi mankhwala. Chimene chimaononga ndi nyumba yonse kudzuka, uyu tochi kumaso, uyu kufuula, anansi kudzadza pakhomo aliyense ndi nzeru zake. Munthu mmodzi agwire mwana, wina akonze zofunika, ena akagone. Ndipo wina asayerekeze kulowetsa supuni kapena chala m'kamwa kuti aone kukhosi.

Madzi amwe pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Ngati akanali kuyamwa, bere ndiye zonse, limamupatsa madzi ndiponso limamutonthoza. Akakana nsima musalimbane naye, phala lamadzimadzi likwana. Poti wapitirira chaka, mukhoza kumupatsa uchi theka la kasupuni ka tiyi kapena kasupuni kamodzi asanagone, wokhawokha kapena m'madzi ofunda. Uchi suphwetsa kutupa, umangofewetsa pakhosi kuti asatsokomole kwambiri. Kwa owerenga ena amene muli ndi makanda: mwana wosakwana chaka sapatsidwa uchi ngakhale dontho, chifukwa ukhoza kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda oopsa a botulism. Jinja, adyo ndi ndimu wowawasa asiyireni akuluakulu, mwana wa zaka 2 zingomuliza. Thupi likatentha n'kumamusowetsa mtendere, Panado wa ana pa mlingo wa sikelo yake, osapitirira kanayi pa tsiku. Masiku amenewa agone pafupi nanu kuti muzimumva.

Mpweya wozizira uli ndi nkhani yakeyake. Makolo ambiri amaona kuti mwana amene anali kubanika m'nyumba amapezako bwino ali panjira yopita kuchipatala. Mu 2023 madokotala a ku Geneva anatulutsa zotsatira za kafukufuku wosonyeza kuti ana a croup amene anakhala panja kwa mphindi 30, pa mpweya wosafika madigiri 10, anapezako bwino kuposa amene anakhala mkati. Kuno usiku wa mu Juni ndi Julayi kumazizira ndithu, moti kukhala naye pakhonde atafunda bwino n'kotheka. Koma kwa mwana wanu pali chenjezo: mpweya wozizira umadzutsa mphumu mwa ana ena. Inuyo ndi amene mukumudziwa. Ngati kuzizira sikumuvuta, yesani mphindi zochepa inhaler ili m'manja, ndipo kamluzu kakayamba bwererani mkati. Ngati kunjako kwadzaza utsi wa mbaula za anansi kapena wa tchire lotenthedwa, monga zimakhalira mu Ogasiti ndi Seputembala, palibe chimene mupindule.

Tibwerere ku poto uja. Apongozi anu sakunena zachilendo, ndipo musawaone ngati osadziwa. Zipatala zenizeni zinakhala zaka zambiri zikugoneka ana a croup m'timatenti ta nthunzi. Zinasiyidwa pamene anthu anayamba kuyeza m'malo mongokhulupirira. Kafukufuku wina wodziwika anachitika ku Toronto, zotsatira zake zinatuluka mu 2006, ndipo anapeza kuti chinyezi sichisintha kanthu pa croup. Phindu palibe, koma ngozi ilipo. Taganizani mmene zimakhalira: mwana wa zaka 2 amene akubanika kale, mwamuphimba mumdima ndi bulangeti, kutsogolo kwake kuli poto wongophula kumene pamoto. Aphiriphitha, aponda mwendo, ndipo madzi owirawo athera pantchafu ndi pamimba. Croup ikanatha m'masiku ochepa, koma bala la moto likhoza kumugoneka m'chipatala milungu ingapo n'kumusiyira chipsera cha moyo wonse. Ngakhale poto asagwe, kulira kwa pansi pa bulangetiko kukulitsa phokoso lija. Onjezanipo fungo lamphamvu la bulugamu, limene mwa ana ena a mphumu limafinya chifuwa. Chimodzimodzi Vicks: opanga ake eni amaletsa kupaka mwana wosakwana zaka 2, ndipo ngakhale wamkulupo sapakidwa m'mphuno, sasungunulidwanso m'tiyi. Kwa mwana wa mphumu ine ndingoti isiyeni.

Kuwakaniza apongozi ndi nkhani ina, ndikudziwa. Musawauze kuti nzeru zawo ndi zachikale. Auzeni kuti a chipatala aletsa nthunzi chifukwa cha mphumu ya mwanayo, ndipo muwapatse ntchito ina. Ambuya ambiri amatha kutonthoza mwana kuposa mayi amene mtima uli m'mwamba. Amufungate ndi iwowo, amupatse uchi ndi iwowo. Ngati bambo a mwana alipo, nkhaniyi ikachokera pakamwa pawo imalowa msanga.

Chachilengedwe china chimene anthu sachiwerengera ndi mpweya woyera. Nyengo ya croup ndi yomweyo imene timalowetsa mbaula m'nyumba kuti tiothe. Utsi wa malasha ndi nkhuni umapweteka kholingo lotupa ndipo umadzutsa mphumu, osanenanso kuti mbaula m'chipinda chotseka imapha anthu ali m'tulo. Phikirani kunja. Wosuta fodya akasutire kutali. Koyilo ya udzudzu ndi mankhwala opopera musagwiritse m'chipinda chake, neti ikwana. Posesa, wazani madzi kaye ndipo mwana akhale atatuluka.

Zogula pakantemba ndingozidutsa mwachangu. Amoxicillin sapha vairasi. Masirapu a chifuwa sathandiza ana aang'ono chonchi. Piriton ndi zina zogonetsa ndi zoopsa chifukwa zimabisa chizindikiro chimene mukufunika kuchiona, choti mwana wayamba kufooka. Aspirin sapatsidwa ana, ndipo Brufen amadzutsa mphumu mwa ena, ndiye musamuyambitse popanda kufunsa.

Apa tsopano werengani mofatsa, chifukwa pali pamene za pakhomo zimathera. Ngati phokoso la pakhosi likumveka pokhapokha akamalira kapena kuthamanga, n'kusiya akakhala phee, mukhoza kumuyang'anira kunyumba. Likamamveka ali chete kapena ali m'tulo, nyamukani ngakhale pakati pa usiku. Mukwezeni malaya muone: ngati pansi pa nthiti kapena kadzenje ka pakhosi kakulowa mkati nthawi iliyonse akakoka mpweya, nyamukani. Werengani kapumidwe kake kwa mphindi yathunthu pa wotchi ya foni ali phee. Kwa mwana wa chaka 1 mpaka zaka 5, kupuma ka 40 kapena kuposa ndi kofulumira, ndipo kwa wa miyezi 2 mpaka 11 malire ndi ka 50. Yang'anani lilime ndi mkati mwa milomo, osati khungu, ngati mwatuwa kapena mwachita bii. Akamalephera kumwa, kulankhula kapena kulira, akamachucha dovu chifukwa sakutha kumeza, akalefuka osafuna kudzuka, kapena mwapopera inhaler kamluzu osasiya, zonsezi ndi za kuchipatala nthawi yomweyo. Chimene chimapusitsa makolo ndi ichi: phokoso likhoza kuchepa chifukwa mwana watopa ndipo mpweya ukulowa wochepa. Phokoso likachepa mwana ali wansangala ndi bwino, likachepa mwana ali lefu ndi ngozi.

China chofunika kuno kwathu kumene nshawa zili pakhomo lililonse. Mwana akayamba kubanika mwadzidzidzi masana, wopanda chimfine, ali kudya nshawa kapena chimanga chokazinga, musaganize za croup. Mwina kanthu kalowera kunjira ya mpweya, ndipo ameneyo ndi wothamanga naye.

Kuchipatala croup ili ndi mankhwala ake, ndipo si ambiri. Ndi dexamethasone, kamodzi kokha, pa mlingo wa kulemera kwa mwana. Amaphwetsa kutupa, amayamba kugwira m'maola ochepa ndipo mphamvu yake imakhala masiku awiri kapena atatu, ndiye kuti amaphimba mausiku ovuta aja. Kumene kulibe amapereka prednisolone. Kafukufuku wasonyeza kuti amathandiza ngakhale pa croup yosafika poipa, choncho ngati sanamupatse, bwererani masana ano mukafunse mwaulemu ngati akuyenera kulandira, ndipo mutchule kuti ali ndi mphumu. Amene wafika poipa amamupumitsa adrenaline pa makina a nebuliser, osandutsa mankhwala kukhala ngati nkhungu yopuma. Ameneyu amagwira msanga koma amatha mphamvu pakapita maola ngati awiri, n'chifukwa chake amakusungani ngakhale mwana akuoneka kuti wachira. Musakakamire kubwerera kunyumba. Ngati thupi latentha, ayezedwenso malungo.

Konzekerani kusanade. Foni ikhale ndi moto ndi talk time, nambala ya wa takisi kapena wa njinga yamoto amene amayankha usiku ikhale pafupi, ndalama ya ulendo ikhale payokha. M'kachikwama muikemo inhaler, spacer, chitenje chofunda ndi kadi ya kusikelo. Kadiyo imauza adokotala ngati analandira katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14 ndiponso wa chikuku wa pa miyezi 9 ndi 18, chifukwa matenda a diphtheria, kachilombo ka bakiteriya kotchedwa Hib ndi chikuku, zimene akatemerawa amateteza, nazonso zimatseka pakhosi ndipo ndi zoopsa kuposa croup wamba. Inu a ku Mchini muli pafupi ndi Chipata Central Hospital. Owerenga a ku Katete ali ndi St Francis, a cha kumalire ali ndi Mwami. Amene muli kutali ndi msewu musadikire zizindikiro zonse zija, phokoso likangoyamba madzulo yambani ulendo kukanawala.

Ana a mphumu ndi a ziwengo amakonda kudwala croup mobwerezabwereza, choncho musadabwe ikadzabweranso chaka chamawa. Lembani masiku amene wadwala kuseri kwa kope. Ikapitirira kawiri pa chaka, kapena phokoso la pakhosi likamakhalapo ngakhale alibe chimfine, pemphani kalata yokaonana ndi dokotala wa ana kuti akaone kholingo lake bwinobwino.